Chala cha Bambo a Lidiya

M'mawa uliwonse, asanagwire khasu, bambo a Lidiya amakwera chulu cha kuseri kwa khola la amalume, foni ili m'mwamba. Pamudzi pathu, kuno kwa Kabudula, netiweki imapezeka pomwepo basi. Anthu amaseka kuti mkamwini wathu amapemphera pachulu.

Dzina lawo ndi a Wyson. Amagwira ntchito kukampani ina yaing'ono ya m'tauni, yokonza pulogalamu ya pafoni imene makalabu a alimi amagulitsira mtedza, koma ntchitoyo amaigwirira konkuno. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye anandifotokozera ndi njerwa. Akuti pulogalamu ikakonzedwa, siinyamulidwa ndi munthu. Imadutsa yokha mumzere wa tintchito: kena kamaiyesa, kena kamailongedza, kena kamaitumiza kumafoni a alimi. Kantchito kalikonse amakakonza kamodzi, ngati chikombole, ndipo njerwa zake zimakalowa pamzere uliwonse.

Kamodzi mwa tintchitoto anakakonza okha asanandikwatire. Kamaimitsa mzere mpaka iwo adinde ndi chala chachikulu pafoni yawo. Anzawo anakakonda, n'kukaika m'mizere yonse. Masiku amenewo ankanyada nako.

Lero kasanduka chingwe. Kumaliro akutali sapita. Kudimba amakhalako mtima uli pachulu. Tsiku limene ndinkachira Lidiya, iwo anali panja pa chipatala, maso pafoni.

Mwezi wathawu kunabwera uthenga woti apongozi anga, mayi awo, adwalika kumudzi kwawo, kuseri kwa Nambuma, kudambo kumene foni siigwira. Anapempha abwana kuti asinthe kantchitoko, azidinda a Edith, anzawo a ku ofesi. Abwana anakana, ati nyengo yogula mtedza sagumula njerwa imene ili m'makoma onse, ndipo mizere ikangoima, ntchito yawathera. Amalume nawo anati mkamwini sachoka mtedza usanakumbidwe. Bambo a Lidiya anakumba mpaka munda unatha.

Dzana uthenga unabweranso: mayi akungotchula dzina lawo.

Dzulo anandiitanira kuchulu, Lidiya ali kumsana. Ine foni yawo sindiigwira, ndimaopa kuiwononga. Anandionetsa timabokosi tondondozana. Anati tikakhala tobiriwira tonse ndidinde, koma pakaoneka kofiira ndisakhudze, ndiimbire a Edith. Ndinafunsa ngati abwana akudziwa. Anangoyang'ana njinga yawo imene anali atamangapo kale kathumba ka mtedza.

"Nanga ndikalakwitsa?" ndinatero.

"Mukalakwitsa, ndalakwitsa ndine. Kuyambira mawa chuluchi ndi chanu, mayi a Lidiya. Azisekanso inu."

Anaseka pang'ono, koma maso anali ofiira. Tsiku lobwerera sananene, inenso sindinafunse. Anapukuta galasi la foniyo ndi malaya awo, n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani chala chanu, foni ichidziwe."