Mjigo wa a Shado unatsala tsidya

A Macfussy Lemani amalondera pageti la nyumba ina ku Al Messila, koma Amalawi a mu Doha muno timawatchula a Shado. Dzinali anadzipatsa okha, poti mtima wawo unali pampando wa phungu wa dera lakwawo.

Mbiri ya deralo amailakatula ngati pemphero. Nthawi ya chipani chimodzi linali lalikulu moti phungu ankangomumvera pawailesi. Matipate atabwera analidula pawiri, mudzi wawo n'kugwera mbali imodzi ndi msika wa pa Chimwala, umene uli tsidya la mtsinje. Mavoti ali pamsika, ankatero a Shado, kumudzi kwawo nyumba n'zowerengeka.

Ndiye thukuta lawo lonse la kuno linkawoloka mtsinje. Maliro akagwa pamsika, bokosi ndi la a Shado. Timu ya mpira, mayunifomu a Shado. Mjigo nawo anakumbitsa pomwepo, dzina lawo n'kulembedwa pasimenti. Mayi awo akadandaula za madzi pafoni, ankawayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachisanu lina anatiitanira kuchipinda cha mnzawo ku Al Asmakh kuti alengeze zoti aima pachisankho. Anatchena suti, kutentha konseko. Ife manja phwaphwaphwa. Pakona panakhala Eveless, wogwira ntchito muhotela, wa mudzi umodzi ndi iwo, amene anali atangobwera kumene kutchuthi.

"Achimwene, pepani," anatero Eveless, "mukuimira constituency iti?"

"Yakwathu, inshallah. Pa Chimwala ponse ndi panga."

"Anthu anu a campaign sanakuuzeni? Ma boundary anasintha kalekale. Malire pano ndi mtsinje. Msika unapita dera lina, ali ndi MP wawo, mwana wa pomwepo."

A Shado anaseka, koma anaseka okha.

"Ndiye kwanga kwatsala kuti?"

"Kumudzi kwathu konkuja. Mayi anu ndinawapeza akutunga kumtsinje, mjigo wanu akuuonera tsidya."

Manyazi amene anagwa m'chipindamo sindinawaonepo. Anatigwira tonse, ngakhale ife ongoomba m'manja, aliyense maso pansi. A Shado anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino pamiyendo. Atayankhula, mawu awo sanalinso a pamsonkhano.

"Mayiwo anati chiyani?"

Eveless anayamba wazengereza.

"Anati ndikuuzeni kuti akudekhabe."