Mwala Wogwa M'munda wa Nandolo

Mayi Katarina a ku Thuchila sakhulupirira munthu wobwera pagalimoto, ndipo palibe angawadzudzule. Anathawa nkhondo ku Mozambique ali mtsikana. Atakhazikika kuno, madzi osefukira anakokolola nyumba yawo, kenaka kunafika akatswiri ndi zoyezera zawo, n'kunena kuti malowo ndi oopsa, anthu asamuke. Kamunda ka nandolo kamene ali nako lero n'kachitatu, ndipo amakasamala ngati dzira.

Tsiku lina m'mawa akupalira, kumwamba kunagunda koma mitambo kunalibe. Chinthu chinalira ngati mluzu n'kudzagwa pakati pa mizere, fumbi koboo! Atafukula anapeza mwala wakuda bii, wolemera ngati chitsulo. Mayi Katarina sataya kanthu: anakapsinjira lata la khola la nkhuku.

Patapita masabata awiri, galimoto yoyera inaima pamsewu. Munatuluka mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Agnes, ulemu wake wochita kugwada. Ulemu umenewo ndi umene unawaopsa kwambiri mayiwo, poti wokuba nkhuku amayamba waiwazira chimanga.

"Amayi, tikufufuza mwala umene unagwa kuchokera kumwamba," anatero Agnes. "Kumwambaku kukuyenda miyala yambiri, ina yaikulu kuposa nyumba. Anzathu amailondola ndi makina. Tikaupeza uwu, tidziwa kumene unachokera."

"Ndiye mukadziwa, mupanga nawo chiyani?"

"Zimathandiza kuti waukulu ukamabwera, anthu achenjezedwe msanga, asamuke."

Mayi Katarina anaona kale m'maganizo mwawo zikhomo zofiira za akatswiri aja zitakhomedwa m'nandolo zawo.

"Iyayi, mwanawe, kuno sikunagwe kalikonse," anayankha, ataima mophimba khola. "Tinangomva phokoso basi. Zinagwera uko, kuesiteti. Kasamutseni tiyi."

Agnes anaseka. Anafotokoza kuti mwala ukagwa pamalo sizitanthauza kuti pagwanso wina, kuti munda wawo palibe angaukhudze. Mayi Katarina anavomera ndi mutu, koma mumtima anati nawonso oyamba aja ankayankhula mokoma chomwechi. Agnes anawasiyira nambala ya foni papepala, n'kupita.

Fumbi la galimoto lisanathe, mayiwo anali atakoleza moto ndi pepalalo. Mwala anauika m'dengu, n'kuphimba ndi chinangwa. Mwana wawo wamkulu, Esteri, anawatsekera njira.

"Amayi, anthu aja akufuna kupulumutsa dziko lonse. Bwanji osangowapatsa?"

"Dziko lonse ndi lawo," anatero Mayi Katarina, akusenza dengu. "Langa ndi mizere iyi."

Anakauponya pamlatho, pamene madzi a Thuchila ali akuya. Pobwerera sanalowe m'nyumba. Anatenga khasu, n'kuyamba kukumba mayenje m'malire a munda. Anadzalamo mitengo ya mango isanu, imene siibereka msanga, kuti aliyense wodutsa aone kuti mwini wake pano sachoka.