Malaputopu Ofera Podzuka

Ndagi, inu ophunzira: n'chiyani chimagona chili bwinobwino, koma ukachidzutsa chimafa? Ayi, si amuna anu oledzera aja. Ndi malaputopu a pasukulu ina ku Mphuka.

Wosesa m'chipinda chawo anali Emeldah. Giledi 12 analephera, makolo analibe, ndipo chaka chomwecho njovu zinamudyera mapira onse. Akamaliza kusesa, ankatsegula makinawo n'kumawerenga malamulo olembedwa mumtima mwawo, umene anzeru amati kenelo. Zaka zitatu akutolatola ngati nkhuku.

Tsono makinawo anali ndi nthenda. Ukawatseka kuti agone, ena podzuka ankangoti zii, ntchito ya ana n'kutayika. Ba Hillary, katswiri wa ku Boma wa masatifiketi mulu, anagamula: "Ni kutentha chabe. Lachisanu tiwataya."

Akatayidwa, ntchito ya Emeldah nayonso yatha.

Koma mtsikanayo anadabwa. Kodi kutentha kumasankha? Anayamba kuwazonda. Malaputopu khumi, chingwe chochajira cha sola chimodzi. Ana ankachizula pa makina ogona kukapatsa anjala ya moto. Ofa anali okhawo ozulidwa chingwe ali m'tulo!

Kenelo ikadzuka inkathamangira chingwe chimene inagona nacho, osayang'ana ngati chikadalipo. Kukhala pansi mpando atachotsa! Olemba malamulowo kwawo sabwerekana chingwe. Emeldah anawonjezera mizere itatu yoti: yamba waona. Anakonza asanu ndi anayi, nthawi n'kumuthera.

Lachisanu ba Hillary anapeza makina akudzuka ngati atambala, n'kuyamba kudzitama kwa mphunzitsi wamkulu.

"Ba Hedi, ni ine uyo. Ninawakonzera pa foni nili ku Boma."

Anatola laputopu yachikhumi ija kuti aonetse aphunzitsi.

"Ba Hillary, iyo sininaikonze," anatero Emeldah.

"Iwe, zako ni fumbi!"

Anaitseka, anazula chingwe, anainyamula m'mwamba, anaitsegula. Zii. Anadina apa, anadina apo. Kenako anavula chipewa n'kuyamba kuikupizira mphepo.

"Imbani foni ija, mwina imva," anatero ba Hedi. Aphunzitsi anaseka mpaka kugwira zipupa. "Emeldah, bwera uwaonetse ba katswiri. Kuyambira Lolemba makinawa ndi ako."

Inu amene mayeso anakugwetsani, mtima musautaye. Pitirizani kufunsa kuti chifukwa chiyani. Ba Hillary mpaka lero akamadutsa pa njinga, ana amathamangira kumsewu n'kukuwa: "Yadzuka, ba katswiri?"