Mai Amelia Anafika m'Chaka cha 2000 Ena Asanafike

Pa pulazi la maluwa lomwe lili kuseri kwa tauni ya Concession, ukafunsa za mayi wotchedwa Conceição anthu ankangokuyang'ana. Koma ukati Mai Amelia, aliyense ankakulozera nyumba ya kumapeto kwa komboni, pomwe makina osokera opukusa ndi dzanja ankalira pakhonde Lamlungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi.

Anachoka ku Angonia, m'chigawo cha Tete, mu 1986 nkhondo itafika pamudzi pawo. Anayenda ndi amuna awo a Januario ndi mwana wawo Amelia, yemwe anali asanayambe n'komwe sukulu. Ntchito yoyamba anaipeza ku Centenary pa pulazi la fodya, a Januario akusonkhezera moto m'mabalani, iwo akusankha fodya m'shedi. Fumbi la fodya linkawatsokomoletsa nyengo yonse yosankha. Patapita zaka, mlongo wawo Joze, yemwe ankayendetsa lole yonyamula maluwa kupita kubwalo la ndege ku Harare, anawapezera malo ku Concession. A Januario anapatsidwa mapampu a kudamu kuti aziyang'anira, ndipo Mai Amelia analowa m'shedi yolongedza maluwa a rozi.

Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu. Manja awo anali ndi timizere ta minga tosatha, ndipo ankavala juzi ngakhale mu Okutobala chifukwa chotulukalowa m'chipinda chozizira chosungiramo maluwa. Akayamba nyimbo m'shedimo, kapitawo sankawaletsa, poti anaona kuti mabokosi amadzaza msanga anthu akamaimba.

Amelia atakhoza Fomu 4, anapita ku Harare kukaphunzira zausekilitale pa kakoleji kena. Mkati mwa sabata ankagona kwa achibale ku Mbare, Loweruka n'kukwera kombi kubwera kwawo. Loweruka lina mu 1999, mayi ake anam'peza atakhala pansi pa mtengo wa mango, atasanjika katoni ya maluwa pamiyendo, zala zikuthamanga pakatonipo ngati akupha nyerere.

"Iwe, wadwala mutu kutauniko?"

"Ayi, amayi, ndikutayipa. Onani, ndajambula mabatani onse monga aliri pa kompyuta. Kusukulu makompyuta ndi ochepa, anthufe ndife ambiri. Ukangokhala pampando, wina waima kale kumbuyo kwako."

"Ndiye ukalakwitsa pakatoni apa umadziwa bwanji?"

Amelia anaseka. "Sindidziwa. Ndikadziwira pamayeso mu Novembala."

Mai Amelia nawo anaseka, koma nkhaniyo inawakhala pamtima.

Nthawi imeneyo anali m'gulu la maraundi ndi amayi anzawo a m'shedi: mwezi uliwonse onse ankasonkha, mmodzi n'kutenga zonse. Ulendo wawo unali kubwera mu Seputembala, ndipo komboni yonse inkadziwa chomwe adzagule. Pa shopu ina ku Concession panali makina osokera atsopano, opalasa ndi mapazi, okhala ndi tebulo lake lonyezimira. Akapita kukagula sopo ndi mafuta ophikira, ankaima pawindo lija mpaka mwini shopu anazolowera kuwapatsa moni ngati wachibale.

Joze ndiye anabweretsa nkhani ina. Anafika madzulo ena dzuwa lisanalowe, fungo la dizilo lili thoo, n'kukhala pa chitini pakhomo.

"Achemwali, kuli munthu wina ku Harare, dzina lake Bizwell. Makolo ake ndi a ku Dedza, Chinyanja amalankhula ngati ife. Amagula makompyuta omwe maofesi akutaya, n'kuwakonza. Ali ndi kena kopinda ngati buku, amati laputopu. Amelia akhoza kumayenda nako."

A Januario, omwe ankakonza tcheni cha njinga chapomwepo, anapukusa mutu. "Alamu, chinthu chomwe ofesi yataya ife tichitole? Ine ndimagwira mapampu okonzedwa tsiku ndi tsiku. Limatulutsa madzi mlendo akuona, akangopita latsokomola. Ndiponso kuno magetsi ali kuti?"

"Kunyumba ya mapampu aliko," anatero Mai Amelia osakweza mutu pa nsalu yomwe ankapinda.

A Januario anawayang'ana akazi awo n'kubwerera ku tcheni chawo.

M'mawa mwake nkhani inali itafika kale m'shedi. Edina, mnzawo wa pa tebulo limodzi, anasiya kudula mapesi a maluwa n'kuwagwira mkono.

"Mai Amelia, simumvera wailesi? Akuti chaka chikangosintha kulowa 2000, makompyuta onse afa. Akuti sadziwa kuwerenga kupitirira 99. Mukuganiza kuti maofesi akuwatayira chiyani? Mukagula maliro inu. Gulani makina anu, muzitisokera madiresi a Khirisimasi."

Mawu amenewo anawalowa. Sabata yonseyo sanaimbe kwambiri. Akaganiza za makina onyezimira aja mtima unkatsika, akakumbukira zala za mwana wawo pa katoni unkakweranso. Tsiku lomwe maraundi anawagwera, anamanga ndalamazo pa duku, n'kuuza amuna awo kuti akupita kukangoona.

"Kukaona ndi duku lolemera chonchi?" anafunsa a Januario.

"Maso okha sakwera basi."

Anakwera kutsogolo kwa lole ya Joze Loweruka m'mawa. Atatsitsa maluwa, anakatenga Amelia ku Mbare, n'kulunjika ku Kopje, dera lina la mu Harare momwemo. Bizwell ankagwira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya nsapato. Munali mawaya lendelende, makompyuta otsegulidwa m'mimba ataunjikidwa mpaka kudenga. Mwiniwakeyo anali munthu wowonda, wa magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi. Anawapatsa Mai Amelia mpando wake womwe, iye n'kuima.

Anatulutsa laputopu ija m'kabati. Inali yotuwa, yonenepa ngati njerwa ziwiri zogundana, pakona imodzi ili ndi mng'alu.

"Amayi, ndikuuzeni zoipa zake poyamba," anatero Bizwell. "Mng'alu uwu ndi wakunja, sulowa mkati. Batire yake ndi yotopa, siikhalitsa, muzidalira magetsi. Batani ili lakudali ndachotsa pa ina, n'chifukwa chake likusiyana ndi anzake. Mkati ndasinthamo chosungira zolemba, chakalecho chinkalira. Ikavuta isanathe miyezi ingapo, mubwere nayo, ndidzakonza ulere."

Mai Amelia anaizunguza, anainunkhiza, anaigogoda pansi ndi chala monga amachitira ndi chivwende. Kenako anafunsa chomwe chinawabweretsa.

"Achimwene, kwathu akuti zinthu izi zifa chaka chikatha. Ndi zoona?"

"Zina zakalekale zikhoza kusokonezeka masiku, amayi. Iyi ndinaiyesa, ilibe vuto."

"Munaiyesa bwanji chaka chisanafike?"

"Ili ndi wotchi mkati. Munthu ukhoza kuikankhira kutsogolo."

Maso a Mai Amelia anawala. "Monga wotchi ya pakhoma? Ndiye kankhani ndione ndi maso anga."

Bizwell anaseka, nayatsa laputopuyo, n'kusintha tsiku kuti likhale lomaliza la Disembala, kutatsala pang'ono kuti chaka chithe. Anawalozera timanambala ta pakona. Onse anayi anaunjikana pa kagalasi kaja. Panja dzuwa linali likuswa mtengo, ogulitsa nthochi akukuwa m'msewu, koma m'kachipindamo munali zii. Joze anavula chipewa. Mai Amelia anagwira korona yawo m'thumba la juzi. Telala wa chipinda choyandikana, yemwe anabwera kudzabwereka machesi, anaima pakhomo osadziwa chomwe akudikira.

Manambala aja anagudubuka. Panalembedwa kuti Januwale, 2000. Laputopu inangopitiriza kung'ung'udza monga inkachitira.

"Yafa?" ananong'ona Mai Amelia.

"Ili moyo, amayi. Takulandirani m'chaka chatsopano."

Mai Amelia analuluta nthungululu yomwe inamveka mpaka ku shopu ya nsapato pansi. Anakumbatira Amelia, anagwira chanza Bizwell, anagwira chanza telala uja n'kumufunira chaka chabwino. Telalayo anayankha mwaulemu kuti nawonso chiwayendere, kenako anafunsa Joze chapansipansi ngati mayiwa ali bwinobwino. Joze anatsika kukagula zakumwa zozizira ndi mabanzi, akuti chaka chatsopano sichilowedwa kukhosi kuli gwa.

Komabe duku linali lisanamasulidwe. Mai Amelia ankatafuna banzi, maso ali pa mng'alu uja. Kenako anati, "Amelia, khala apo. Lemba zomwe umalemba pa katoni paja."

Amelia anapukuta manja pa siketi, nakhala. Poyamba zilembo zinkatuluka ziwiriziwiri chifukwa anazolowera kukanikiza katoni mwamphamvu. Bizwell anamuuza kuti apepuze manja. Posakhalitsa mabatani anayamba kulira motsatizana ngati mvula yoyamba pa malata, mizere ikudzaza pagalasi. Analakwitsa penapake, anaona, anafufuta, anakonza, osaima.

"Waona pomwe walakwa?" anafunsa mayi ake.

"Ndaona, amayi."

Mai Amelia anamasula duku n'kuliika pa tebulo. Ndalama zinaperewera pang'ono, Joze anapisa m'thumba la ovolosi nawonjezera, akuti ndi mphatso ya sekuru kwa mdzukulu, monga amatchulirana malume ndi mwana wa mlongo wake kumeneko. Bizwell anabwezera tsiku m'malo mwake, anakulunga laputopuyo m'thawulo lakale, nawapatsanso madisiki awiri.

Pobwerera, lole itadutsa pa shopu ija ya ku Concession, Mai Amelia anayang'ana makina aja pawindo mpaka anabisika. Anapuma mozama kamodzi, kenako anayamba nyimbo, Joze akuvomera.

A Januario ataiona anangoitembenuza n'kuibwezera m'thawulo. Koma Lolemba lake anapita okha kwa manijala wa pulazi kukapempha kuti mwana wawo azilumikiza chinthucho ku magetsi a kunyumba ya mapampu. Ataloledwa, anakhoma kashelefu pamwamba pomwe madzi sangafike, nayalapo thumba loyera. Loweruka ndi Lamlungu masana Amelia ankakhala mmenemo akutayipa, mapampu akugunda pambali pake, bambo ake atakhala pakhomo kuthamangitsa aliyense wa manja amatope.

Mmodzi yekha ndiye anawakanika. A Fredson, mlonda wachikulire yemwenso anali woimba ng'oma wamkulu pa gule wa pakomboni, anaona tsiku lina kuti mu laputopumo muli masewera a makadi. Kuyambira pamenepo ankafika Amelia akamapumula, atasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kupempha kuti aponyeko kamodzi. Akaluza ankalozera galasi ndi chala, akuti muli munthu mkatimo amene akubisa makadi abwino.

Lamlungu lina Amelia anaitana mayi ake kunyumba ya mapampu. Anali atafufuza mpaka kupeza zilembo za Chipwitikizi, ndipo analemba dzina lawo la ubatizo ndi zilembo zikuluzikulu: Conceição, kamchira kali pansi pa c, kanjoka kali pamwamba pa a. Chichokereni ku Angonia, makalaliki onse ankangolemba mmene amvera, wina Konsesa, wina mpaka analemba dzina la tauni ija. Mai Amelia sankawerenga kwambiri, koma dzina lawo ankalidziwa maonekedwe ake. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kutuma Amelia kuti akaitane Edina adzaone kamchirako.

Mayeso a mu Novembala Amelia anakhoza bwino. Chaka chisanathe anapeza ntchito ku Ruwa, mu ofesi ya kakampani kopanga mafelemu a mawindo, kuti akayambe Januwale. A Januario anapha nkhuku ziwiri, ndipo kwa aliyense wobwera kudzayamika ankafotokoza kuti iwo anaona kuyambira pachiyambi kuti laputopuyo ndi yolimba. Akazi awo ankangowathirira tiyi osatsutsa.

Khirisimasi itadutsa, mantha a chaka chatsopano anakula pakomboni. Ena ankati magetsi azima dziko lonse, ena ankati ndege za maluwa zigwa ntchito n'kutha, ena anagula makandulo ndi mchere wambiri. Lamlungu lomaliza la chaka, katekisiti wawo a Simeon anayesa kuwalimbitsa mtima anthu m'katchalitchi kawo ka udzu, koma nkhope zinali zokwinyabe. Atasowa chonena, anayang'ana ku benchi ya amayi.

"Mai Amelia, akuti inu munafikako kale ku chaka cha 2000. Taimani mutiuze."

Mai Amelia anaimirira, nakonza juzi yawo.

"Ndinafikako mu Seputembala, ine ndi mwana wanga ndi mlongo wanga Joze, ndi telala wina sindikum'dziwa dzina. Tinalowa bwinobwino. Magetsi anali kuyaka, mabanzi analipo. Sitinakhalitse, poti lole inkafunika kubwerera kupulazi."

"Nanga mvula kumeneko ikugwa?" anafunsa a Fredson, omwe anali atatsamira pawindo kunja.

"Imeneyo sindinaione, achimwene, tinali m'nyumba. Koma bzalani, muzipalira."

Tchalitchi chonse chinaphulika ndi kuseka, Edina mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. A Simeon anadikira kuti phokoso litsike, koma silinatsike, ndiye anangokweza dzanja kwa Mai Amelia kuti ayambitse nyimbo yotulukira.