Matchanelo amene sitinalipire

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene mliri wa korona unatitsekera m'nyumba ku Silicon Oasis, dera la mumzinda wa kudziko la eni kumene tinkakhala. Bambo anali atapita kumaliro ku Mchinji, ndege zitaimitsidwa anatsakamira komweko, kumudzi kumene netiweki umachita kukaisaka pachulu. Tinatsala awiri, ine ndi amayi, omwe anali namwino pa kiliniki ina ku Oud Metha. Ankabwera madzulo ali lefu, masiki itawadinda mizere pamphuno, ndipo sankalola kuti ndiwakhudze asanasambe.

Matchanelo a TV amayi anali atawadulitsa, n'kusiya intaneti yokha chifukwa cha sukulu yanga. Abale inu, nyumba ija inkangoti zii. Ndikatseka laputopu ndinkangomva firiji ikung'ung'udza, ndipo ndinatopa nayo mpaka kumaiyankha.

Tsiku lina ndikusanthula m'kabati ya bambo ndinapeza kachitsulo kogawa waya pawiri. Ndinali nditawerenga penapake kuti waya wakuda wochokera kukhoma, umene umabweretsa intaneti, nthawi zina umanyamulanso matchanelo. Ndinamangirira kachitsuloko, mbali imodzi ku kabokosi ka intaneti, inayo ku TV. Nditayatsa, hee, matchanelo mbwee! Mtima sunanditsutse n'komwe. Kwa azakhali ku Ndirande waya wa TV unkadumpha mpanda kulowa nyumba zitatu, ndipo anthu ankati ndi kukhala bwino ndi anzako. Nanga waya wolowa m'nyumba mwathu momwe, ndikanabera ndani?

"Izi zachokera kuti, Tadala?" anafunsa amayi atatuluka m'bafa.

"Adadi alipira, Mami. Akuti musamangokhala duu mukaweruka."

Bodzalo linangotuluka lokha. Amayi anamwetulira, koyamba pa milungu yambiri, n'kukhala pasofa. Anawalembera bambo uthenga wothokoza, koma sunafike msanga. Masiku otsatirawo ankadyera patsogolo pa TV, n'kumati, "Bambo ako aja, ali kutali koma akutiganizira."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kachitsuloko kankafooketsa intaneti. Kalasi ikafika pakati, nkhope ya aphunzitsi inkangouma. Sukulu itadandaula, amayi anaimbira kampani osandiuza. Lachisanu m'mawa, tsiku lawo lopuma, kunabwera mmisiri, bambo wa ku Pakistan wovala masiki ndi magolovesi. Anagwada kuseri kwa TV, ndipo sizinamutengere nthawi.

"Madamu, waika ichi ndani?" anafunsa m'Chingerezi. "Inu munalembetsa intaneti yokha."

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha. Viza yawo inkayenera kuwonjezeredwa mwezi wotsatira, ndipo yanga inkadalira yawoyo.

"Ndine," anatero amayi. "Ndalakwa. Chonde, bambo."

Anapinda bondo n'kugwirizanitsa manja monga ankachitira pamaso pa apongozi awo kumudzi. Mayi wamkulu, m'nyumba mwawo, kupepesa mlandu wa mwana! Ndinachita manyazi oti ndingolowa pansi. Mmisiriyo anamasula kachitsuloko, n'kukaponya m'thumba mwake. "Khalas, madamu," anatero, kutanthauza kuti zatha. Kenaka analemba zinazake pa tabuleti yake n'kutuluka. Zimene analembazo sitinazidziwe mpaka lero.

Chitseko chitatsekeka ndinayamba makani, poti pakamwa ndinali napo. "Koma Mami, wayayo ndi wathu. Ngati sakufuna tiziwonera, bwanji sanatseke okha?"

"Kaya ndi mlandu kaya si mlandu, ine mphamvu yokafunsira ndilibe," anayankha motsitsa. "Kuno tikukhalira chitupa, mwanawe. Dzina langa likangolembedwa pamlandu, ntchito yatha, ndipo sukulu yakoyo yathera pomwepo."

Sanandikalipire, sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangokhala pasofa akuyang'ana TV yozimayo, kenaka anafunsa, "Ndiye kuti bambo ako sanalipire?"

Ndinapukusa mutu. Iwo anadzuka n'kukagona, dzuwa lili pamutu.

Kwa mwezi wathunthu foni ikalira ankadzidzimuka. Ankapita kukasamalira odwala korona atasenza mantha ena amene ndinawapatsa ine. Viza inatuluka bwinobwino, ndipo patapita miyezi bambo anabwerera. Nkhani ya wayayo amayi sanawauze.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndimamvabe anthu akutsutsana ngati kuwonera matchanelo odutsa mu waya wa intaneti n'kuba kapena ndi vuto la kampani. Ine sindilowererapo, ndinatopa nazo. Ndinaphunzira kuti kudziko la eni makani otere amachita ndi munthu amene sangakwezedwe ndege. Koma chimene chimandiwawabe si cha lamulo ayi. Mayi wotopa uja anakhala sabata yathunthu akukhulupirira kuti mwamuna wawo wawakumbukira, ndipo ine amene ndinawapatsa chimwemwecho ndi amenenso ndinawalanda.