Kachitsulo ka M'nsagwada za Towela

Pamsika wa ku Kafue, mzere wa nsomba, pali mayi mmodzi amene sakhudza ayezi. Ndi ba Mainess Zimba. Anzawo amawaseka kuti ndi wogulitsa nsomba wanji woopa kuzizira, iwo n'kumaseka nawo, dzanja lili pachifuwa ngati munthu wolumbira m'khoti. Zaziwisi anasiya zaka khumi ndi zitatu zapitazo, amangogulitsa zouma za ku Chanyanya.

Bambo awo anachoka ku Lundazi kudzagwira ntchito yanjanji, ndipo ba Mainess anabadwira konkuno. Zakumudzi sanatengeko zambiri, koma lamulo limodzi la amayi awo linawalowa m'magazi: chochoka m'thupi la mwana sichisiyidwa m'manja mwa alendo. Mchombo, tsitsi, zikhadabo, mano, zonse ankakwirira okha. Pasabata amapemphera mpaka mawu kusasa, koma womeeta ana ku Nangongwe amawadziwa kuti ndi mayi wobwera ndi tsache lakelake.

Chitsiriziro chawo, Towela, anagwa panjinga yonyamula nsomba ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nsagwada n'kuthyoka pawiri. Kuchipatala chachikulu ku Lusaka anamulumikiza ndi kachitsulo ka taitaniyamu, chitsulo chopepuka chimene fupa silikana. Fupa litagwirana anakachotsa, poti nsagwada za mwana zimakhala zikukulabe. Dotolo wina, mtsikana waulemu wake, anapempha kuti akasunge. Ankafufuza mmene fupa la ana limamatirira pachitsulo chokhakhala ndi chosalala, kuti ana ena adzachire msanga. Ba Mainess, ndi chimwemwe choona mwana akukukutanso chimanga, anasaina. Lamulo lija analikumbukira ali kale m'minibasi.

Munali mu Okutobala, dzuwa losungunula phula pamsewu. Masana ena Towela anabwera kumsika mano akugundana.

"Mami, nimvela mpepo apa," anatero, atagwira chibwano.

Kukiliniki anamupima, osapeza kanthu. Sabata yotsatira mwanayo anaima pakati pa masewera, kukamwa yasa.

"Kuli wamene aniyang'ana mukamwa na tochi. Muuzeni aleke."

Apa ba Mainess anakumbukira kachitsulo kaja. Anakwera minibasi, nakafunsafunsa m'makonde a chipatala mpaka anamupeza dotolo uja.

"Ba dokota, nifuna kansimbi ka mwana wanga."

Mtsikanayo sanaseke. Anati ndi ufulu wawo, natsegula firiji n'kutulutsa kabotolo kozizira. Anali atangoyamba kukaunika pamakina okulitsira zinthu masiku omwewo, anawauza choncho mosadziwa kuti akuwabaya mtima. Pakachitsulopo panali timadontho toyera ngati gaga. Limenelo linali fupa la Towela.

Kunyumba anachita zimene ankadziwa. Anakumba pansi pa mtengo wa gwafa kuseri kwa nyumba, nakwirira, napondaponda. Atalowa anapeza mwana atasiya mbale, akulavula, maso atatong'oka.

"Mami, muli dothi mukamwa. Sinikwanisa kupema!"

Khasu sanalifunenso, anafukula ndi zala. Anakatsuka ndi madzi ofunda, nakakulunga m'kansalu, ndipo posowa poika anakalowetsa m'bulauzi, pabere lamanzere. Towela anapuma kamodzi kwambiri, n'kupempha ndiwo zina.

Kuyambira tsiku limenelo kansaluko sikanachokepo. Posamba amakaluma pakamwa. Sanauze abusa, poopa kuti angati akaponye pamoto pamodzi ndi zithumwa za anthu ena. Sanauze amuna awo mpaka anamwalira. Towela yemwe sanamuuze; mwana anakula wokongola, wolongolola, kachipsera kokha pansi pa chibwano, ndipo tsopano akuphunzira zaunamwino ku Lusaka. Inu mukhoza kunena kuti zinangochitika mwangozi. Ba Mainess nawonso amafuna atakhulupirira choncho, koma ndani angayesere pa mwana wake?

Chimene chimawadya n'chimodzi. Thupi lafika potopa, miyendo imatupa, ndipo iwo amadziwa kumene mtembo umayamba wagona usanapite kumanda, m'firiji ya kuchipatala, ndi kumene umatsirizira, m'dothi. Chaka chilichonse amati amuuza Towela pa Khirisimasi, Khirisimasi n'kudutsa.

Lachiwiri lapitali masana akupanga milu ya nsomba, anamva chizungulire, nakhala pansi pa thumba. Foni inalira. Anali Towela.

"Mami, muli bwino?"

"Nili chabe bwino, mwana wanga. Nanga n'chani?"

Towela analankhula motsitsa mawu.

"Sin'nakuuzenipo, ninali kuyopa muzaniseka. Kuchokela nili mwana nimamvela kanthu kagunda mu chibwano, monga mtima. Sikanalekepo olo siku imozi. Manje manje apa kanaima, mami. Kayambanso, koma kanaima."

Ba Mainess anayang'ana mzere wa nsomba, ntchentche, anzawo akuitanira makasitomala.

"Kwela basi ubwele lelo," anatero. "Nili na kanthu kako."