Masoja Osamva Kuwawa pa Mabenchi Athu a Maliro

Tsiku limenelo analipo ndi awa. Ine ndinalipo, chipewa changa cha ku njanji chili kumutu. Mwana wanga wachiwiri analipo, mwini vidiyo. Panali dalaivala wa takisi wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, wamimba ngati dramu. Panali mayi wogulitsa vitumbuwa pamsika, mlonda wa pabanki ina ya mu Mosi-oa-Tunya Road amene kale anali msoja, ndi mnyamata wosema tinjovu togulitsa azungu kumathithi, wandevu kale koma mutu ulibe kanthu. Otsalawo anali achinyamata a m'dera lathu la Malota osowa chochita, atadzaza shedi yanga mpaka pakhomo. Mkazi wanga anakana kulowa. Anati fungo la m'khwapa lotuluka m'menemo lamukwanira ali panja.

Sukulu ine ndinalekera pamene tinkalembabe pansi ndi chala, choncho zilembo zanga ndi zopindika. Koma mawu ndili nawo. Ndikaitana munthu ndili ku Malota, wa kusitesheni amacheuka. N'chifukwa chake amuna a m'dera lathu anandisankha kuti ndizilankhula pamaliro, ndiponso kuti ndizisunga mabenchi.

Mabenchi amenewo tinakhoma tokha ndi matabwa a mukusi, olemera, ofiira, oti chiswe chikaluma chimasiya mano pomwepo. Anali a dera lonse. Lamulo lake linali limodzi: benchi imatuluka m'shedi pokhapokha kwamveka kulira. Pa ukwati ayi, pa msonkhano wa chipani ayi. Ndipo zaka zimenezo, za m'ma nainte, mabenchi sankapuma. Ukawabweza Lachiwiri, Lachisanu abwera kale ena pakhomo atagwira zipewa m'manja. Tinkaika ana athu, osati nkhalamba.

Ndi nthawi yomweyo mafakitale ankatsekedwa mu Livingstone. Mwana wanga, wa mkazi ndi ana awiri, anamuuza kuti ntchito yatha. Kandalama kochepa komwe anamupatsa potuluka anagulira wailesi ya kanema ndi makina a vidiyo, kenako anabwera kwa ine, nakhala pansi mwaulemu.

"Atate, nibwerekeniko shedi na mabenchi, masiku yamene kulibe maliro. Uja wa vidiyo ya kumsika ali na mipando. Banthu sangalipire kuti bankhale pansi."

Ndinayang'ana nsapato zake zong'ambika, mtima unafewa. Ndinati, "Iwe, mabenchi aja si anga ndekha. Ndiyambe ndaona ndi maso anga zomwe uzionetsa. Zikakhala zabwino, ndikalankhula ndi amuna anzanga. Zikakhala zonyansa, usadzandifunsenso."

Linali Loweruka masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa lophika munthu ngati mbatata. Anatchinga zenera ndi bulangeti, natseka chitseko. Pansi pa malata tinkachita thukuta ngati tili m'chipinda cha moto cha sitima.

Musandiyese mbuli. Mafilimu ndinayamba kuonera mwana wanga asanabadwe, a azungu okwera akavalo aja, pachinsalu ku holo. Ndikudziwa kuti magazi aja ndi utoto, ndipo akamaliza amadzuka n'kukamwa tiyi. Chizungu chothamanga cha m'mphuno sindinachimve chonse, koma nkhani ndinaigwira. Dokotala wina wa boma anatenga masoja, nawabaya jakisoni pakhosi, nawaika timawaya m'mutu. Atatero, sankamvanso kuwawa. Sankagona, sankadya, sankaopa. Chipolopolo chikalowa pachifuwa, munthu amangoyang'ana bowolo ngati waona ntchentche, n'kupitirira. Wina dzanja linapsa mpaka kuoneka zitsulo m'kati, iye osatsinzina n'komwe.

Zonsezo ndinapirira. Chimene sindinathe kupirira ndi ichi. Msoja mmodzi anagwa, wafa ndithu, mutu utaphulika. Mnzake amene ankayenda naye limodzi kuyambira pachiyambi anafika, namuponda pamimba, natola mfuti yake, napita. Osagwada. Osamutseka maso. Ndipo shedi yanga yonse inaphulika ndi mluzu ndi m'manja.

Pomwepo makina anatafuna tepi. Chithunzi chinasanduka mvula, anthu anati "Aaah!" Mwana wanga anatsegula makina ndi sikuludiraiva, nayamba kukulunga tepiyo ndi bolopeni, thukuta likudontha pamphuno. Podikira, aliyense anasanduka mphunzitsi.

Dalaivala ndiye anayamba. "Aba masoja baliko zoona. Ku Amerika. Ninanyamula muzungu kuchoka ku eyapoti, ananiuza yekha."

"Muzungu anakwera chigaleta chako chija?" anatero mlonda. "Anafika?"

"Anakankhako pang'ono chabe."

Mayi wa vitumbuwa ankadzipepesa ndi nsonga ya chitenje. Anati, "Ine nipatseniko mmodzi wa aba. Sakudya, sakumwa, salema. Azinitapira madzi, azininyamulira malasha. Osati uja nili naye, akanyamula kathumba ka fulawa ati msana, msana."

"Manje bamayo," anatero dalaivala, "ngati samvera kalikonse, usiku muzachita naye chani?"

"Ni chimodzimodzi na uja nili naye!"

Anthu anaseka mpaka malata kunjenjemera. Mayi wamkulu, wa mpingo, kulankhula zotere pamaso pa ana oti angakhale ake! Ndinalavula pansi.

Mlonda yekha ndiye anali ndi nkhope yosaseka ngati yanga. Anati, "Ni bodza yonse iyi. Mfuti siingalire nthawi yonse ija osaikamo zipolopolo zina. Ndipo msoja sasiya mnzake. Olo afe, umamukoka na kolala mpaka ufike naye kwanu."

Wosema tinjovu uja anatembenukira mlondayo. "Imwe bamudala, nkhondo munaiona kuti? Munali kulonda chabe mlatho, kudya mabisiketi. Aba ndiye bamuna. Ine bakabwera nayo nyeleti ija ya jakisoni, nizankhala woyamba pamzere. Kulibe kulira, kulibe kumvera chifundo. Ungopita chabe."

"Nyeleti ija bakubaye m'matako, kapena ungayambe kusamba," anatero mayi uja.

Wina anandifunsa, "Nanga imwe bashikulu, muiona bwanji?"

Ndinayankha mokweza, chifukwa ine kunong'ona sindidziwa. "Ndagwira ntchito ndi zitsulo moyo wanga wonse. Bogi ya sitima ikaponda munthu siidziwa kuti yaponda, ndipo palibe anaiomberapo m'manja. Inu mukuombera bogi yovala nsapato. Kuwawa ndiye umunthu. Mwana akabadwa osalira, azamba amamumenya kuti alire, apo ayi ndi mtembo. Mukusirira mitembo yoyenda!"

"Ameni!" anakuwa wina kumbuyo, ena n'kumaseka. Mwana wanga anandiyang'ana mondipempha ndi maso, nabwezera tepi msanga.

Ndikanatuluka pamenepo. Ndinakhala chifukwa ndinalonjeza kuona mpaka kumapeto.

Filimu itayambanso, masoja aja anapanduka, nalowa m'tauni. Tsopano sankapha masoja anzawo. Ankapha aliyense: wogulitsa m'sitolo, nkhalamba yowoloka msewu, mayi wothawa ndi thumba lake. Anthu ankagwa ngati mango a mphepo, kanema osaimako ngakhale pang'ono kuti tione kuti wagwayo ndi mwana wa yani. Ndipo aliyense akagwa, achinyamata ankakuwa, "Mumalize! Winanso!"

Kenako bomba linaphulika m'filimumo, kuwala kwake kunadzaza shedi, ndipo ndinaona chomwe mdima unandibisira. Kutsogolo kwenikweni, mwana wanga anaikako benchi yaifupi. Pa mabenchi athu pali imodzi yaifupi, yotakata, imene munthu wamoyo sakhalapo. Ndi yoikapo bokosi, anthu akamadutsa kuona nkhope komaliza. Wosema tinjovu uja anali ataimirira pamwamba pake ndi nsapato zafumbi, akudumpha, manja atawapanga mfuti, akukuwa, "Tu-tu-tu-tu! Bafe bonse!"

Mlongo wake weniweni anagona pabenchi imeneyo dzinja lapitalo, atawonda ngati bango. Ndinalankhula ndine pamaliropo. Mnyamata yemweyo anandigwira jekete kumanda, mamina ali mbwee.

"TSIKA!"

Akuti agalu a m'nyumba zitatu anathawa. Mnyamatayo anagwa chagada pamiyendo ya anzake. Ndinakoka bulangeti pazenera, ndinakankha chitseko ndi phazi, dzuwa linalowa, masoja aja anazilala pagalasi ngati mizukwa.

"Nyamukani! Nonse! Matako anu achoke pamatabwa awa! Amayi anu akhalapo apa akulira. Mawa mudzabwera ndi chipewa m'manja kudzapempha mabenchi omwewa, ndiye ndidzakupatseni onunkha mluzu wanu?"

"Bashikulu, ni filimu chabe," anatero dalaivala.

"Filimu ili m'galasimo. Pakamwa pako pali filimu? Nyamuka, dramu iwe!"

Amene anachedwa ndinamupendeketsera benchi, nagwa. Mayi wa vitumbuwa anatuluka akutukwana kuti wasiya malonda ake chifukwa cha zopanda mapeto. Achinyamata anazinga mwana wanga, kumukoka malaya, kufuna zomwe analipira pakhomo, iye n'kumabweza mutu uli pansi. Ena ananyamuka gulu kupita kwa wa kumsika uja, akukuwa kuti kwa mdala wamisala sadzapondakonso. Mlonda anatsala, nandithandiza kusanja mabenchi kukhoma.

Yaifupi ija ndinaitulutsa panja. Ndinaitsuka ndi sopo ndi phulusa mpaka zidindo za nsapato zitachoka, ndinaiyanika, ndinaibweza m'malo mwake, ndinakhoma loko. Kwa amuna anzanga sindinapite ndi pempho lililonse. Ndikanakawauza chiyani? Mpaka lero ndikaona ana akuthamangitsana ndi timitengo, akulira ngati mfuti, malovu amandiwawa m'kamwa.

Dzuwa litapendeka, ndinali pakhonde ndikutsuka m'manja. Mwana wanga anatulutsa wailesi ya kanema ataikulunga m'bulangeti lija, naiika pawilibala, makina a vidiyo pamwamba. Anamanga ndi chingwe mosafulumira. Atamaliza anabwera, navula kapusi, naima patsogolo panga. Sanakweze mawu. Iye anatengera amake.

"Atate, mabenchi yanu sinizayagwiranso. Ivi nizagulitsa, nikwere sitima ya ku Lusaka nikafune nchito. Bana bazankhala kwa apongozi. Imwe munthu mumamupatsa malo akagona m'bokosi. Ine nikali moyo, ndiye pano palibe panga."